Bwato padenga la galimoto, ulendo wa kum'mawa

Lolemba masana, pa Luangwa Bridge

Tanyamuka mu Lusaka kudakali mdima. Dzulo lonse tinathera pamsewu kuchokera ku Kitwe, choncho msana wayamba kale kudandaula, pomwe ulendo weniweni wangoyamba lero. Amalume ndiwo akuyendetsa. Ine ntchito yanga ndi kusuzumira pawindo kawirikawiri, kuona ngati bwato likadali pamalo pake. Talimangirira chafufumimba padenga, mlongoti uli m'zigawo zake ziwiri pambali, thanga ndalikulunga lili kumpando wakumbuyo pamodzi ndi shuga, mchere ndi sopo wa ambuya.

Anthu ayamba kutilozera zala pa Chongwe pomwe. Pamalo ena wapolisi analizungulira kawiri, n'kuligogoda ndi chala, n'kufunsa ngati ndi chomwera ng'ombe. Amalume atamuuza kuti ndi bwato la mpikisano ndipo mwini wake ndi ine, anawerama kundiyang'anitsitsa nati, "Mwana wamkazi? Yendani bwino, mukatiimirire."

Kwa amene simundidziwa, ndili ndi zaka 18, Giredi 12 ndinamaliza chaka chatha, ndipo ndimapikisana pa timabwato toyenda ndi mphepo. Langali ndi la mtundu wa ILCA 6, ambiri amalitchulabe dzina lakale loti Laser Radial. Kutalika kwake ndi mamita 4 ndi pang'ono, kulemera pafupifupi makilogalamu 59 lisanavekedwe zida. Munthu mmodzi, thanga limodzi, injini palibe, nkhafi palibe. Ndinaphunzira pa damu la Mindolo ku Kitwe atate akugwira ntchito kumigodi, koma kwathu ndi kuno kum'mawa, ku Katete.

Mapiri a Manenekela anditsitsa mtima m'mimba. Msewu wokhotakhota, phompho kumbali, ndipo mphepo ya Ogasiti ikawomba galimoto yonse imagwedezeka chifukwa cha katundu wapamwambayu. Malamba amalira ngati zeze. Sindinalankhule mpaka titatsika.

Pamsika wa pamlatho pano tadya nsima ndi nsomba yokazinga, K60 mbale imodzi. Tikudya, panabwera bambo wina msodzi, manja olimba ngati khungwa, n'kupempha kuti aone pansi pa bwato. Analisisita nthawi yaitali. Kenaka anafunsa funso lomwe amafunsa okhawo odziwa madzi: "Mama, mphepo ikamachokera komwe mukupita, mumatani?" Ndinawauza kuti molunjika sizitheka, timapita chopingasa, uku kenaka uku, ngati mmene msewu wa Manenekela umakwerera phiri. Ndinawaonetsa thabwa lapakati lomwe timalitsitsa m'madzi kudzera pa kampata ka pansi, lomwe limaletsa bwato kutsetserekera m'mbali. Anagwedeza mutu, amvetsa nthawi yomweyo, msanga kuposa mmene ine ndinamvera ndili ndi zaka 9. Iwo nawo anandiuza za mvuu za mu Luangwa, kuti yoopsa ndi yomwe ili ndi mwana, ndi kuti amamenya nkhafi m'mphepete mwa bwato kuti idzuke aione patali.

Tawoloka mlatho. Tsidya lino ndi kwathu.

Lolemba usiku, Nyimba

Ndikulemba maso atatupa. Titangopitirira Kacholola tinapambana ndi thiraki yaikulu, mphepo yake n'kudula lamba wakutsogolo. Ndinangomva phokoso padenga. Bwato linatsetsereka n'kumenya chitsulo cha keriyala, ndipo m'mphepete mwake mwang'ambika, mng'alu wotalika ngati chala changa chapakati. Likanagwa pa tala bwenzi nkhani itathera pomwepo. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu n'kulira ngati mwana, amalume akungoti, "Tonthola, chachikulu ndi choti tili moyo."

Dalaivala wina wa thiraki ya chimanga anaima patsogolo pathu, n'kubwerera wapansi ndi lamba wake wa ratchet, uja amamangira matumba. Anamanga yekha, akutionetsa kuti lamba azipotokola kamodzi kuti asamalire ndi mphepo. Amalume atatulutsa ndalama anakana. "Ndili ndi mwana wamsinkhu wake," anatero. Ngakhale dzina sitinafunsane.

Bwato limeneli ndi lakale kuposa ine. Linasiyidwa kukalabu yathu ya mabwato ndi banja lina lomwe linasamuka, ndipo atate analigula pang'onopang'ono kwa chaka chathunthu. Pomwe ndimakhala pafewa, munthu ukadina pamabonyoka. Koma ndi lomweli ndapambana nalo chikho cha achinyamata zaka ziwiri zotsatizana, pamaso pa ana okhala ndi mabwato onyezimira.

Kunena zoona, tinalipo mabwato 11 okha, ndipo madzi a padamu ndi osalala ngati mphasa. Mafunde enieni sindinakumanepo nawo. N'chifukwa chake tili paulendowu: aphunzitsi anga alankhula ndi anzawo ku Senga Bay, ku Salima, kuti ndikakhale masabata atatu pa Nyanja ya Malawi mwera usanathe. Amati mwera ukawomba, mafunde amakula mpaka asodzi amakokera mabwato awo kumtunda. Ndikufuna kukafika, komanso ndikuopa.

Chipinda K250. Nthochi za pa Nyimba zikadali zotsekemera monga kale, phava lalikulu K20. Ndadya zinayi, nsima yandikanika.

Lachiwiri m'mawa, kupitirira mphambano ya Petauke

Pamng'alu ndamatapo tepi. Tchire akuwotcha mbali zonse, anyamata aimika timitengo ta mbewa m'mbali mwa msewu, ngolo za ng'ombe zikututa thonje lotsala. Amalume agula mbewa zisanu ndipo akudya akuyendetsa. Ine maso ali pa utsi. Chizolowezi chimenechi sichichoka: ndikaona utsi, mbendera ya pasukulu kapena chitenje choyanika, mutu umayamba kuwerenga kuti mphepo ikuchokera kuti ndipo yatembenuka kangati. Lero ikuchokera kum'mawa chakumwera, ndipo pa Sinda kamvuluvulu anawoloka msewu patsogolo pathu atanyamula mapepala ndi makoko a chimanga.

Lachiwiri usiku, kumudzi

Tafika dzuwa litapendeka. Njira yodzera ku Mkaika yayamba kale piringupiringu, poti Kulamba ndi Loweruka lomaliza la mwezi uno ndipo Achewa a ku Malawi ndi ku Mozambique nawo adzabwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ine ndidzakhala ndili kunyanja. Ambuya zimenezi sizinawasangalatse.

Ndinagwada kuwapatsa moni. Anandigwira mkono n'kuutsina: "Mdzukulu wanga, waonda. Kumigodi kulibe ufa?" Apa tinagwirizana, chifukwa ndimalemera makilogalamu 56 ndipo akatswiri a bwato ngati langali amapitirira 65. Mphepo ikakula, thupi ndilo limabweza bwato kuti lisapendeke, ndiye wopepuka amavutika. Ndadya mitanda itatu, nkhuku yakumudzi ndi mfutso wotendera.

Koma bwato sanaliyang'ane. Mudzi wonse unadzaza pagalimoto, iwo anangokhala chofulatira akusenda nsawa. Usiku pamoto ndi pomwe ananena. Mlongo wawo wamng'ono anatengedwa ndi mtsinje nthawi ya dzinja akuwolotsa ng'ombe, ali ndi zaka ngati 12, ndipo anamupeza patapita masiku awiri atakodwa m'bango. Nkhaniyi ndinaimvapo kwa amama, koma kuchokera pakamwa pa ambuya sindinaimvepo. "M'madzi mulibe pogwira," anatero. "Atate ako anasowa masewera ena oti akupatse?"

Ndinalibe choyankha. Ndagona pamphasa pafupi nawo, ndikumva akutembenuka usiku wonse.

Lachitatu, padamu

Tsiku ili ndilemba zambiri, mundikhululukire.

Kuseri kwa mudzi kuli damu lomwetsera ng'ombe. M'mawa ndinapempha amalume kuti tikapemphe chilolezo kwa amfumu, ndiliyendetse pamenepo ambuya aone ndi maso awo. Amfumu anavomera, n'kutibwereka ngolo yawo. Bwato lomwe lazolowera kukokedwa pa kangolo ka matayala a mpira lero lakwera ngolo ya ng'ombe, litagonekedwa pa matumba a makoko, ana oposa 30 akuthamanga pambuyo.

Ndinamanga zida anthu atandizinga. Kulumikiza zigawo ziwiri za mlongoti, kulowetsa mlongoti m'mphuno ya thanga ngati mwendo mu sokosi, kuunyamula wonse n'kuuimika m'dzenje lake, kenaka boom (chitsulo chopingasa chogwira kunsi kwa thanga), zingwe ndi tsigiro. Thanga litangodzuka n'kuyamba kukupiza, agalu anathawa ndipo ana anakuwa. Ambuya panalibe.

Damu ndi laling'ono ndi losaya, thabwa lapakati ndinalitsitsa theka lokha kuopa matope. Mphepo inali yodukizadukiza, yotsika m'mapiri, ukaiona ikubwera pamadzi ngati mthunzi wakuda. Ndinaidikira, itafika ndinakoka chingwe, kulowetsa mapazi pansi pa lamba wa m'bwato n'kutaya thupi lonse kunja, matako ali pamwamba pa madzi. Bwato linanyamuka. Kaphokoso kaja ka madzi pansi pake, kamene ndakasowa sabata yathunthu, kanabwera. Ndisanapume kawiri ndinali nditafika kale tsidya lina, n'kutembenuka, mutu pansi kuti boom idutse, n'kubwerera. Amayi omwe ankachapa analulutira.

Ulendo wachinayi ndi pomwe ndinawaona, ataima patali pansi pa mkuyu, ndodo m'manja.

Ndinafika kumtunda n'kuuza anthu onse kuti tsopano ndiligubuduza dala, pasakhale wolowa m'madzi. Ndinabwereza kawiri mokweza kuti mawu akafike pamkuyu. Komabe litagona chammbali, thanga lili thasa pamadzi, mfuu inamveka ngati pamaliro. Ndinasambira kuzungulira kumbuyo, kugwira thabwa lapakati lomwe linali litatulukira kunja, kulikanikiza ndi thupi lonse, bwato n'kudzuka madzi akuyoyoka pathanga, ine n'kukwera. Sipanathe mphindi imodzi. Kukalabu ichi ndi chinthu choyamba kuphunzitsa mwana, asanaphunzire n'komwe kupita patsogolo.

Nditayang'ana pamkuyu, ambuya anali atakhala pansi. Mtima unandipweteka, ndinaganiza kuti ndalakwitsa, kuti ndawabwezera tsiku lija la mlongo wawo. Ndinathamangira komweko madzi akudontha. Sanandikalipire. Anagwira jekete yoyandamitsa yomwe ndinavala n'kuti ndivule. Anadzuka, kupita nayo m'mphepete mwa madzi, kuimiza ndi ndodo yawo. Inavuuka. Anaimizanso, inavuuka. Kachitatu anaikanikiza ndi manja awiri mpaka chitenje chinanyowa. Atatero anandibwezera nati, "Ichi usamavule. Ngakhale akuseke, usamavule."

Amfumu, omwe ankaonerera atakhala pampando wawo, anawauza kuti, "Musiyeni apite, mayi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi." Ambuya anangoti, "Ng'onayo ndi yanga, si yanu." Anthu anaseka, iwo sanaseke.

Masana ndinakweza ana mmodzimmodzi, aliyense atavala jekete ija. Msuweni wanga wa zaka 9 ndiye wandidabwitsa. Ndinamupatsa tsigiro, ndipo atangolakwitsa kawiri anazindikira yekha kuti ukakankhira uku bwato limapita uko. Saopa, amayang'ana kutsogolo osati m'manja. Pamsinkhu umenewu ine ndinali mu Optimist, kabwato ka ana osapitirira zaka 15, kooneka ngati bokosi. Anakapanga Clark Mills ku Florida mu 1947, ndi mapulayiwudi, n'cholinga choti kakhale kotsika mtengo ana wamba akwanitse. Ndakhala ndikuganiza madzulo onse kuti kalipentala aliyense wa pa Katete angakakhome atapatsidwa miyeso. Madamu alipo, mphepo ya Ogasiti ikungowomba yaulere, ana ndi awa.

Ndasamba ndi sopo kawiri poopa likodzo. Kenaka nditatsegula kachitseko kotulutsira madzi kumbuyo kwa bwato, munatuluka madzi odzaza botolo lalikulu. Tepi sinagwire. Bwato lomwa madzi chonchi silingapite kunyanja.

Lachinayi, Chipata

Ambuya atipatsa nsawa theka la thumba ndi nkhuku yamoyo ya azakhali. Potsanzikana anaika dzanja pa bwato, kanthawi kochepa chabe.

Tadutsa pa Mtenguleni cha m'ma 9 koloko, n'kulowa mu Chipata njinga zili ponseponse, zina zanyamula anthu, zina makala, ina mbuzi ziwiri. Tafunsa m'magalaja atatu. Achinayi anatilozera kwa bambo wina wokonza mabampa a galimoto ndi fibreglass, kuseri kwa mashopu. Sanakonzepo bwato chibadwire, ndipo ananena yekha. Koma anagogoda mozungulira mng'alu ndi kandalama, akumvetsera, n'kundionetsa pomwe mawu asintha. "Apa panyowa mkati. Tikamata lero, mawa zimatuka. Liyambe lauma." Ndinadziwa kuti tafika pa munthu woyenera.

Ndinawafotokozera lamulo lathu. Mabwato a mtundu uwu onse ayenera kufanana ndendende, ndimo mmene Bruce Kirby wa ku Canada, yemwe anajambula kaumbidwe ka bwatoli, ndi anzake anafunira, kuti wopambana apambane ndi luso osati ndi thumba. Kukonza powonongeka n'kololedwa, koma kusintha kaumbidwe kake ayi. Iwo anati, "Ndiye kuti chigamba chisaoneke kuti ndi chigamba." Tagwirizana K350. Bwato taligoneka padzuwa pa matayala akale.

Tikugona kwa azakhali ku Kapata. Malaiti anapita masana, aphika pambaula. Msuweni wanga wamkulu, yemwe amagulitsa salaula, wandifunsa mosabisa kuti chikho chija chinabwera ndi zingati. Ndati palibe, ndi chikho basi. Anakhala chete, kenaka anati, "Nanga mafuta a ulendo uno?" Amalume ndiwo anayankha kuti anagulitsa matumba a chimanga. Sindinkadziwa. Ndimayesa kuti zachokera kukalabu. Ndinatuluka panja kukaima mumdima pang'ono.

Lachisanu, Chipatabe

Kudikira. M'mawa ndathamanga kukwera phiri la Kanjala, mpweya unandithera pakati, ndinayenda pang'ono n'kuyambanso. Pamwamba tauni yonse imaoneka ili m'chigwa, mapiri atazinga. Pobwera ndakhoma benchi ndi thabwa ndi lamba wakale wa amalume, lochitira masewera olimbitsa ntchafu ndi mimba: mapazi pansi pa lamba, thupi lonse lili lende kumbuyo monga pabwato. Ndimatha mphindi zinayi miyendo isanayambe kunjenjemera. Pa mpikisano ndime yopita komwe mphepo ikuchokera imapitirira mphindi khumi. Ana a azakhali akundiwerengera mokweza.

Kugalaja malaiti kunalibe, choncho bambo aja apala ndi manja, ine ndikuwathandiza ndi sandipepa. Anadula nsalu ya galasi tizidutswa titatu, kakang'ono pansi, kokulirapo pamwamba, n'kusakaniza mankhwala m'chitini cha nsomba. Fungo lake limalasa m'mphuno. Akupaka anandifunsa kuti mpikisano umayamba bwanji popeza pamadzi sungaimike mabwato pamzere. Ndinawajambulira pansi ndi msomali. Mzere ndi wongoganizira, pakati pa boti la oweruza ndi boya, chizindikiro choyandama pamadzi. Lipenga loyamba limalira kutatsala mphindi 5, lina pa 4, lina pa 1, kenaka loyambira. Nthawi yonseyo mabwato akupiringizana kulimbirana malo, ndipo ukadutsa mzere lisanalire uyenera kubwerera. Woyamba kumaliza amalandira pointi 1, wachiwiri 2, ndipo pamapeto pa mipikisano yonse wa mapointi ochepa ndiye ngwazi. Apa ndi pomwe pali kufooka kwanga. Pakati pa mabwato 11 malo amapezeka. Kumipikisano yaikulu amakhala 50 kapena kuposa pamzere umodzi, ndipo ine ndimachita mantha ndi kugundana, ndimabwerera m'mbuyo n'kuyamba mochedwa, mumphepo yomwe ena aipondaponda kale.

Anafunsanso kuti ndikufuna kukafika kuti. Kawirikawiri ndimayankha mozemba, koma lero ndinanena: ku Olympics. Bwato lomweli ndi lomwe akazi amapikisana nalo kumeneko kuyambira 2008. Mu 2024 mpikisano unali ku Marseille, ku France, ndipo ndinaonera pafoni ya aphunzitsi anga Marit Bouwmeester wa ku Netherlands akutenga golide ali kale mayi wa mwana. Koma amene ndinkamusaka pamndandanda tsiku lililonse ndi Deizy Nhaquile wa ku Mozambique, yemwe anapitanso ku Olympics ya ku Tokyo. Mozambique ndi apa, ukakhota pa Katete kulowera ku Chanida wafika. Iye ali ndi nyanja yamchere pakhomo, ine ndilibe, kusiyana kwake n'kumeneko ndipo si kochepa. Za 2028 ku Los Angeles sindidzinamiza, nthawi yachepa. Ndikuyang'ana 2032 ku Brisbane. Chisanafike chimenecho ndikufuna kaye kuima pamzere wa mpikisano wa mu Africa, ndi thanga latsopano lolembedwa ZAM, kuimira Zambia, n'kumaliza mipikisano yonse osasiyira panjira.

Bambo aja sanaseke. Anangoti, "Ndiye tipakenso kachinayi," n'kudula kachidutswa kena.

Madzulo ndadutsa pamsika wa Kapata kugula magolovesi a m'munda, K35, odula zala n'kukhala ogwirira chingwe. Enieni a masewerawa mtengo wake ndi wa thumba la ufa kangapo. Mayi wogulitsa vitumbuwa pafupi anandiwonjezera ziwiri atamva kuti ndikufuna kunenepa.

Loweruka m'mawa, pa Mwami

Chigamba chauma gwa. Ndapititsa chala kangapo osamva pomwe chayambira. Tinathira madzi a sopo pamwamba, ine n'kupuzira mpweya pa kachitseko kakumbuyo, thovu silinatuluke. Bambo aja anakana kutilola kunyamuka tisanajambulitse nawo chithunzi pambali pa bwato.

Kuchoka mu Chipata kufika pano ndi kanthawi kochepa. Chipata cha malire n'chatsopano, anachitsegula mu 2022, mbali zonse ziwiri zimathera pamalo amodzi. Amalume ali pamzere ndi mapepala a galimoto ndi kalata ya kukalabu yonena kuti bwato ndi langa ndipo libwerera. Anabwera kudzandifunsa nambala yake, ndinawalembera padzanja. Ine ndakhala pamthunzi kulondera katundu, ndikusenda nsawa za ambuya. Mathiraki afola mpaka kuseri kwa phiri. Mnyamata wina wosintha ndalama wabwera katatu, kachitatuko osati za ndalama, amafuna kudziwa ngati sindiopa ng'ona.

Kutsogolo kuli Mchinji, Lilongwe, kenaka kutsetsereka kupita ku Salima. Tikayenda bwino tifika dzuwa lisanalowe. Uthenga walowa pafoni posachedwapa kuchokera kwa omwe akatilandire: mwera wawomba usiku wonse, asodzi sanalowe m'madzi, ndipo mawa 7 koloko ndikhale nditamanga kale thanga. Ndauwerenga kanayi. M'manja mwachita thukuta.

Jekete ija ndaichotsa m'chikwama, ili pamiyendo panga. Amalume akundikodola pakhomo, akuti abwana akufuna aone nkhope ya mwini bwato. Ndimange kaye lamba wa adalaivala aja, wakhwepa pang'ono.